Jakisoni wa kumsana: kodi amene akukubayani anaphunzira liti komaliza?

Tiyerekeze kuti lero gadiyani ndinu. Mchemwali wanu wapita kukachira pachipatala chaching'ono cha Champiti, m'boma la Ntcheu. Matenda ayamba madzulo, ndipo pofika pakati pa usiku azamba akuti mwana sakutsika, pafunika opareshoni. Ambulansi yakufikitsani kuchipatala chachikulu cha paboma, pepala mwasayina, chitseko cha kufiyeta chatsekedwa. Inu mwatsala pabenchi, beseni ndi zitenje zili pamiyendo.

Tikakhala pabenchi yotere, ambirife maganizo amangokhala pa amene wagwira mpeni. Koma mpeni usanafike pakhungu pali munthu wina amene wayamba kale ntchito. Wamukhazika tsonga mchemwali wanuyo, wamuuza kuti awerame ngati akuyang'ana pamchombo, kenako wamubaya jakisoni kumsana. Pakangopita mphindi zochepa miyendo yalemera, kuyambira pansi pa mabere kutsika kumunsi konse kwachita dzanzi, koma mutu uli bwinobwino. Mwana akalira, mayi amumva ndi makutu ake.

Kuchipatala munthu ameneyu amangomutchula kuti wogonetsa, ngakhale pa jakisoni ameneyu sagonetsa aliyense. Dzina lake mwina simudzalidziwa. Koma pali funso limodzi lokhudza iyeyu limene sitikonda kufunsa: chilandilireni dipuloma yake, anabwererako liti m'kalasi?

Amene amakhala kumutu kwa wodwala

M'mayiko olemera ntchito imeneyi amagwira dokotala amene, atamaliza sukulu ya udokotala, anakhalanso zaka zina zingapo akuphunzira zogonetsa zokhazokha. Kuno kwathu madokotala otere ndi owerengeka, ndipo ambiri ali kuzipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Bungwe la madokotala ogonetsa padziko lonse la WFSA limati dziko lizikhala ndi madokotala otere osachepera asanu pa anthu 100,000 alionse. Malawi ali ndi anthu oposa 20 miliyoni, kutanthauza kuti tikanafunika madokotala oposa 1,000. Nambala imeneyo sitinayiyandikire n'komwe.

Choncho m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni, amene amakhala kumutu kwa wodwala ndi clinical officer amene anaphunzira zogonetsa. Sukulu yawo, Malawi School of Anaesthesia, inayamba mu 1988 ku Queen Elizabeth motsogoleredwa ndi Dr Paul Fenton wa ku Britain. Lero maphunzirowa akupitirira kudzera ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ofuna digiri amapita ku Kamuzu University of Health Sciences.

Ndinene poyera kuti nkhani ino siyonyoza anthu amenewa. Popanda iwo, palibe mayi wa kwa Champiti amene akanachitidwa opareshoni ku Ntcheu. Aliyense akanamayenda ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre mwana ali panjira. Nkhani ili pa zimene timawachitira tikawatumiza kuboma. Kuchipatala chachikulu wogonetsa ali ndi mnzake womufunsa, ali ndi dokotala wamkulu woti amuitane zikathina. Kuboma, nthawi ya 2 koloko usiku, kawirikawiri amakhala yekha ndi zimene zili m'mutu mwake.

Zimene amayi 8,070 anatiphunzitsa

Umboni woti maphunziro a wogonetsa amapulumutsa moyo sitikuchita kukaubwereka kunja. Pakati pa 1998 ndi 2000, Fenton ndi anzake anatsata amayi 8,070 amene anabereka kudzera pa opareshoni m'zipatala 25 za m'dziko muno. Zotsatira zake zinatuluka mu 2003 m'magazini ya zachipatala ya BMJ. Mmodzi mwa olembawo anali Chris Whitty, yemwe uja anadzatchuka ku England nthawi ya Covid-19 ngati mkulu wa zaumoyo m'dzikomo.

Mwa amayiwo, 85 anamwalira m'masiku atatu oyambirira. Pamene wogonetsa anali wosaphunzira mokwanira, chiopsezo choti mayi amwalire chinali pafupifupi kuwirikiza katatu. Mwa amayi amene sanataye magazi opareshoni isanayambe, obayidwa kumsana anamwalira ochepa poyerekeza ndi amene anagonetsedwa thupi lonse. Ndipo 65 mwa amayi 85 aja sanamwalirire kufiyeta koma kuwodi, opareshoni itatha. Mfundo yomalizayi muisunge, tibwererako.

N'chifukwa chiyani jakisoni wa kumsana amaposa kugonetsa? Mayi woyembekezera akagonetsedwa thupi lonse, pamafunika kumulowetsa chubu pakhosi kuti azipuma. Khosi la mayi wapakati limakhala lotupirapo, chubu chimavuta kulowa, ndipo zimene zili m'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Pamafunikanso makina, okosijeni ndi magetsi odalirika. Jakisoni wa kumsana amafuna singano yopyapyala ndi mankhwala a bupivacaine osakwana ndi theka lomwe la supuni ya tiyi. Singanoyo imalowa m'munsi mwa msana, pansi pa pamene mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umathera, ndipo mankhwala amasakanikirana ndi madzi a mumsana n'kutseka kwa kanthawi njira imene uthenga wa ululu umadzera.

Njirayi si yachilendo. Dokotala wa ku Germany August Bier anaiyesa mu 1898 mumzinda wa Kiel, ndipo atalola kuti nayenso abayidwe kumsana, anagona masiku angapo mutu ukumuwawa koopsa. Mutu umenewu ulipobe mpaka lero, koma singano zopyapyala za masiku ano zauchepetsa kwambiri.

Apa ndiye pali msampha. Chifukwa jakisoniyu amaoneka wosavuta, anthu amamuderera. Mankhwala akangolowa, mitsempha ya magazi imamasuka ndipo BP imatsika, nthawi zina mwadzidzidzi kwambiri. Wogonetsa amayenera kukhala atakonzeratu diripu ndi mankhwala okweza BP monga ephedrine kapena adrenaline mu sirinji, osati kuyamba kufunafuna m'kabati mayi atayamba kale kusanza. Mankhwala akakwera kupitirira muyezo, dzanzi limafika m'manja ndi m'nthiti, mayi n'kulephera kupuma. Pamenepo wogonetsa ali ndi mphindi zochepa zoti amupumitse. Ndipo mayi amene wataya kale magazi ambiri, jakisoni yemweyu akhoza kumumaliza. Luso lalikulu ndi kudziwa tsiku losabaya.

Ku South Africa anaziona. Malipoti awo ofufuza imfa za amayi anapeza kuti imfa zambiri zokhudzana ndi ntchito yogonetsa zinkachitika pa jakisoni wa kumsana yemweyu, makamaka m'zipatala za m'maboma, ndipo zambiri zinali zopeweka. Vuto silinali jakisoni. Anali manja amene sanaphunzitsidwe chochita zinthu zikatembenuka.

Timabotolo tiwiri tofanana

Mwina mukuti: ngati munthu anaphunzira bwino kusukulu, n'kubwereranso m'kalasi chifukwa chiyani? Tamverani chitsanzo ichi.

Mu 2017 kafukufuku wamkulu wotchedwa WOMAN, wa amayi pafupifupi 20,000 m'mayiko 21, anasonyeza kuti mankhwala a tranexamic acid amachepetsa imfa za amayi otaya magazi akabereka, makamaka akaperekedwa maola atatu asanathe. Chaka chomwecho bungwe la WHO linalangiza kuti mankhwalawa azigwiritsidwa ntchito. Inali nkhani yabwino, ndipo mankhwalawa anayamba kupezeka m'mafiyeta ndi m'mawodi a amayi m'mayiko ambiri.

Koma kabotolo ka tranexamic acid kamafanana kwambiri ndi kabotolo ka bupivacaine: kukula kwake, galasi lake, ndi madzi oyera a m'kati. Tranexamic acid ndi wobaya mumtsempha wa magazi. Akalowa kumsana molakwitsa, wodwala amayamba kukomoka ngati wakhunyu, mtima n'kusokonezeka, ndipo mwa anthu amene ngozi zawo zinalembedwa m'mabuku a zachipatala, pafupifupi theka anamwalira. Ngozi zotere zinachitika m'mayiko angapo mpaka mu March 2022 WHO inatulutsa chenjezo lapadera.

Sindikunena kuti izi zinachitika ku Ntcheu. Ndikunena kuti wogonetsa amene anamaliza sukulu mu 2010 sanamve za chenjezo limeneli m'kalasi, chifukwa kunalibe. Kapewedwe kake sikafuna ndalama: kusunga mankhwala awiriwa malo osiyana, ndi kuwerenga dzina la pakabotolo mokweza pamaso pa mnzako usanakoke mu sirinji. Koma wina amayenera kumufikira ndi uthengawo, ndipo uthenga wongoponyedwa pagulu la WhatsApp pakati pa mauthenga a maliro ndi a ukwati si maphunziro.

Si amayi okha

Msewu wa M1 umadutsa pakati pa boma la Ntcheu, ndipo njinga zamoto za kabaza zafika mpaka kumidzi. Mnyamata wothyoka fupa la ntchafu akafika kuchipatala cha boma, nthawi zambiri amagonekedwa mwendo utakokedwa ndi zolemera kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Aliyense amene anamvapo kukuwa kwa munthu wotere pomunyamula kupita ku X-ray sakuiwala.

Pali jakisoni amene amabayidwa m'mphechepeche, pafupi ndi mitsempha yopita kuntchafu, amene amazizitsa ululu wa mwendo wokhawo kwa maola angapo. Munthu sagona, saledzera ndi mankhwala, amapuma bwinobwino. Palinso wobaya m'khwapa kapena pafupi ndi khosi wochititsa dzanzi mkono wokha, moti munthu akhoza kusokedwa dzanja lotemedwa ndi chikwanje akucheza ndi nesi. Kwa gogo wodwala mtima kapena mphumu, amene kumugonetsa thupi lonse n'kuika moyo pachiswe, imeneyi ndi njira yabwino kwambiri.

Ena mwa majakisoniwa amatheka pongopapasa ndi zala kupeza malo oyenera. Ambiri masiku ano amabayidwa wogonetsa akuyang'ana pa makina a sikani, kuti aziona pamene singano ikudutsa. Zipatala zambiri za m'maboma zili ndi makina a sikani ounikira amayi apakati, koma kamutu kounikira mimba n'kosiyana ndi koyenera kuonera mitsempha ya pansi pa khungu. Ndipo luso limeneli siliphunziridwa pomvetsera. Limafuna kubaya kambirimbiri wina wodziwa ataima pambali, komanso kudziwa mlingo wa mankhwala malinga ndi kulemera kwa wodwala, chifukwa mankhwala a dzanzi akachuluka m'magazi amayamba ndi dzanzi la pamilomo ndi kulira kwa m'makutu, n'kuthera pa kuima kwa mtima.

Ululu wa kuwodi

Tibwerere kwa mchemwali wanu uja. Dzanzi la jakisoni wa kumsana limatha pakapita maola awiri kapena atatu. Nthawi imeneyo ali kuwodi, wogonetsa ali kale ndi wodwala wina, ndipo bala layamba kulankhula.

Chikhalidwe chathu sichithandiza pamenepa. Mayi amauzidwa kuti apirire, ndi mmene umayi umakhalira. Mnyamata amauzidwa kuti mwamuna salira. Koma ululu wosachizidwa uli ndi mtengo wake m'thupi: mayi amaopa kutsokomola, makhololo n'kudzadza m'mapapo, amaopa kudzuka, magazi n'kuundana m'miyendo, amalephera kukhala tsonga kuti ayamwitse. Zimene amaphunzitsa masiku ano n'zoti mankhwala a ululu aziperekedwa pa nthawi yake, motsatira wotchi, osadikira kuti wodwala ayambe wakuwa, ndiponso kuphatikiza mitundu: panado, mankhwala monga diclofenac ngati impso, BP ndi magazi zili bwino, kenako morphine kapena pethidine ululu ukakula. Nesi amene akubwera pa nthawi yake ndi mankhwala ndi yemweyonso amene angaone msanga kuti mayi akutaya magazi. Kumbukirani kuti amayi 65 mwa 85 aja anamwalirira kuwodi.

Morphine amaopedwa, ngakhale ndi ogwira ntchito m'chipatala omwe. Ena amati amapha, ena amati munthu azolowera ngati chamba. Padziko lonse kagawidwe kake n'kochititsa manyazi: lipoti la magazini ya Lancet la mu 2017 linapeza kuti mwa matani 298.5 a mankhwala a gulu la morphine ogawidwa pachaka, mayiko osaukitsitsa amalandira matani 0.1 okha. Komabe pa nkhani iyi Malawi ali ndi chonyadira. Ntchito yosamalira odwala matenda osachiritsika monga khansa, kudzera m'malo ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth, Ndi Moyo ku Salima ndi bungwe la PACAM, yaphunzitsa manesi ndi ma clinical officer ambiri kupereka morphine wakumwa mopanda mantha. Chimene chinachotsa manthawo ndi maphunziro. Chodabwitsa n'chakuti phunziro lomwelo silinafike mokwanira m'mawodi a odwala ochokera kufiyeta.

Mapointi ndi alawansi

Pamapepala zonse zili m'malo. Medical Council of Malawi, bungwe limene limapereka ziphaso kwa madokotala ndi ma clinical officer, limafuna kuti munthu asonkhanitse mapointi a maphunziro opitiriza, omwe amawatchula kuti CPD, asanakonzenso chiphaso chake. Bungwe la manesi ndi azamba nalonso limatero. Lamuloli ndi labwino. Koma pointi imachitira umboni kuti munthu anakhalapo pa phunziro. Sinena ngati angathe kupumitsa mayi amene dzanzi lamukwera m'nthiti.

Makosi othandizadi alipo, ndipo ena anafika kale kuno. Kosi ya SAFE, ya masiku atatu, inayambira ku Uganda mu 2011: timagulu ting'onoting'ono, kuyeserera pa zidole, kubwereza mpaka manja atazolowera. Mbali yake yokhudza kugonetsa ana inaphunzitsidwanso ku Malawi. Kosi ya Essential Pain Management, imene Roger Goucke ndi Wayne Morriss anayambitsa ku Papua New Guinea mu 2010, ndi ya tsiku limodzi lokha, ndipo mutu wake ndi mawu atatu: zindikira ululu, uyeze, uchize. Madokotala a ku Scotland, kudzera mu Scotland Malawi Anaesthesia Project, anabwera kangapo kudzachita maphunziro okumbutsa ogonetsa athu. Bungwe la Lifebox litagawa timakina tachikasu topana pachala toyezera okosijeni m'magazi pamodzi ndi maphunziro, kafukufuku amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti ogonetsa a ku Malawi ankakumbukirabe zimene anaphunzira patatha miyezi isanu ndi itatu, ndipo odwala operewera okosijeni pa opareshoni anachepa.

Tayang'ananinso mndandandawu. Pafupifupi zonse zinabwera ndi ndalama za kunja. Pulojekiti ikatha, maphunziro nawo amatha. Chiyambireni January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndalama za zaumoyo zathina paliponse, ndipo zikathina choncho choyamba kudulidwa chimakhala maphunziro, chifukwa palibe amene amachita zionetsero kaamba ka kosi imene yalephereka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, singano za kumsana ndi bupivacaine, zimene timagula kunja, zinakwera mtengo nazonso. Kuphunzitsa munthu jakisoni amene mankhwala ake mulibe m'kabati n'kumupatsa khasu lopanda mpini.

Palinso vuto lathu lenileni. Pa ntchito yanga ya utolankhani ndakhalapo m'misonkhano ya zaumoyo m'mahotela a kunyanja, ndipo ndaonapo mmene pepala losayinira alawansi limakokera maso kuposa amene akuphunzitsa. Sindikuweruza, malipiro ndi ochepa ndipo alawansi imalipira fizi ya ana. Koma zotsatira zake n'zakuti amene amapita kumaphunziro si nthawi zonse amakhala amene akufunikira kwambiri. Komanso pachipatala pamene ogonetsa alipo awiri kapena atatu osinthana usiku ndi usana, mmodzi akachoka sabata yathunthu, otsalawo sagona. Wosowa womusiyira ntchito ndi amene amakhala zaka osapita kulikonse.

Kwa ine, yankho ndi kutembenuza ulendo. M'malo moti wogonetsa wa ku Ntcheu apite kuhotela, mphunzitsi wochokera ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth abwere ku Ntcheu kwa masiku angapo, alowe naye m'fiyeta yake yomwe, ndi makina ake omwewo, aime pambali pamene akubaya. Manesi a kuwodi ya amayi ndi azamba a m'zipatala zing'onozing'ono monga Champiti akhale nawo pa phunziro la ululu, chifukwa mayi akatulutsidwa kuboma, bala lake amakalionetsa kwa iwowo. Maphunziro a pafoni ali ndi malo ake pa zinthu ngati chenjezo la timabotolo tija, bola bandulo ikhale yolipiridwa. Koma foni siingagwire dzanja la munthu n'kuliwongolera singano.

Nanga inu pabenchi paja?

Choyamba, mphekesera. Mwina munamvapo kuti jakisoni wa kumsana amapundula, kapena kuti msana umawawa moyo wonse. Kupuwala chifukwa cha jakisoniyu kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Pamalo pobayidwapo pamatha kuwawa masiku angapo, koma kafukufuku sanapeze kuti jakisoniyu ndi amene amayambitsa msana wokhalitsa. Amayi ambiri amamva msana akabereka, obayidwa ndi osabayidwa omwe. Kukana jakisoniyu chifukwa cha mphekesera kumakankhira mayi ku njira imene kawirikawiri ili ndi chiopsezo chachikulu.

Wogonetsa akamafunsa mafunso, muuzeni zoona zokhazokha: nthawi imene wodwala wadya komaliza, ngati ali ndi BP, mphumu kapena vuto la mtima, ngati akumwa mankhwala osungunula magazi, ngati anavutikapo pa opareshoni ina m'mbuyomu. Ngati wamwa mankhwala achikuda monga mwanamphepo, nenani. Kukalipiridwa kuli bwino kusiyana ndi kubisa chinthu chimene chingasinthe mankhwala oti apatsidwe.

Opareshoni ikatha, itanani nesi msanga mukaona magazi akudutsa pazitenje, mayi akuzizidwa ndi kutuluka thukuta, akuvutika kupuma, kapena akugona tulo tosadzutsika. Nenaninso ngati miyendo siikubwerera mphamvu patatha maola ambiri, ngati msana ukuwawa pamodzi ndi kutentha thupi, kapena ngati mutu ukuwawa kwambiri akakhala tsonga n'kumaleka akagona. Mutu wobwera ndi kusaona bwino ndi chizindikiro cha BP yokwera, ndipo sudikira kucha. Ululu ukakula, kupempha mankhwala ndi ufulu wa wodwala, si kuvuta. Mukaona kuti simukuthandizidwa, m'zipatala za m'maboma muli ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo.

Funso la m'kalasi lija musakamufunse wogonetsa usiku pakhomo la fiyeta. Iye si amene amagawa ndalama. Malo ake ndi kukomiti ya chipatala cha kwanu, kwa khansala wanu ndi kwa phungu wanu, pamene khonsolo ikukonza bajeti ya zaumoyo. Afunseni kuti chipatala cha boma lanu chili ndi ogonetsa angati, ndi angati mwa iwo amene achitapo maphunziro okumbutsa m'zaka ziwiri zapitazi, ndipo ndalama zake zinachokera kuti.